Nthenga ya Kumanzere

Mayi aja anatsika pa lole ya thonje Lolemba masana, lole isanaime bwinobwino. Ndinawaona ndili pakhonde, ndikusankha nyemba. Anadikira m'mbali mwa msewu mpaka fumbi litakhazikika, kenako anawoloka n'kulunjika kwathu osafunsa munthu njira, chonsecho nyumba za aphunzitsi ku Chiparamba zinali zisanu ndi imodzi, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. M'manja anali ndi kasutikesi komangidwa ndi lamba wachimuna. Kuphazi anavala nsapato zazitali zosadziwa msewu wathu, ndipo m'makutu mwawo munali ndolo za nthenga zimene zinkavina ndi mphepo ya Ogasiti.

"Odi kuno!"

"Odini, mayi. Fikani."

Sanakhale pampando umene ndinawapatsa. Maso awo anali kuseri, kumene nkhanga za atate zinkapalasa pansi pa mpapaya.

"Akuwetabe nkhanga," anatero, osati kwa ine.

Ine ndinatola kamawu kameneko, ka "be," n'kukasunga. Masiku amenewo ndinkatola zinthu zotere monga ena amatolera mabatani. Ndinali ndi zaka makumi awiri, nditamaliza Giredi 12, ndipo mutu wanga unali wodzaza ndi timabuku tothothoka zikuto timene tinkabwerekana kuboding'i, ta anthu obisa makalata pansi pa matiresi. Kwathu kunalibe chobisika, kapena ndimo ndinkaganizira. Tinkakhala awiri, ine ndi atate, a Boaz Mwale, mphunzitsi wa masamu ndiponso mkulu wa mpingo. Amayi anga, a Rosina, anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Atate ataweruka anaima pampata wa mpanda, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Anapukuta nthawi yaitali.

"Mwafika," anatero pomaliza.

"Ndafika. Kalata inachedwa panjira."

"Alice, konzera alendo chipinda chako. Iwe ugona pabalaza."

Analowa m'nyumba osagwirana chanza ndi mlendo, osandiuzanso kuti anali ndani. Mayiwo ndi amene anatembenukira kwa ine.

"Ine ndine Jenny."

M'nyumba muja atate anatsokomola.

Alice linali dzina langa la ubatizo ndi la m'kaundula wa kusukulu. Dzina limene amayi anandipatsa ndi Tamiwe, ndipo ndi limene anzanga onse ankandiitanira, koma m'kamwa mwa atate sindinalimvepo. Ndinkati ndi chimishoni chawo chabe.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munali nkhani imodzi yokha. Loweruka linali tsiku la chinkhoswe changa ndi Lyford Sakala, kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi ku Chipata, amene anali atamusamutsira ku Solwezi kuyambira mwezi wotsatira. Akwawo anavomera zonse kupatula chimodzi. Amalume ake, a Jonah Mbewe, ananenetsa kuti sangapereke tambala kwa bambo wa mtsikana ngati kuti mtsikanayo anachita kugwa kumwamba. Ankafuna munthu wa kwa amayi anga, wa bere lawo, kaya mwamuna kaya mkazi, woti aime ngati nkhoswe. Popanda ameneyo, chinkhoswe chidikire. Koma kwa amayi kunalibe munthu. Agogo onse awiri anali atapita kale, amalume anafera kumigodi ndisanabadwe, ndipo mudzi wawo wa kufupi ndi Mwami unali utasanduka munda wa fodya. Ndikafunsa, atate ankangoti, "Tiona." Solwezi ndi kutali. Ndinkadziwa atsikana awiri amene anauzidwa kuti adikire, ndipo anali akudikirabe.

Lachiwiri lonse ndinawazonda a Jenny. Atapita kukasamba ndinamasula lamba uja. Munali madiresi atatu, kachitini ka masiwiti kodzaza ndi waya, mikanda ndi ulusi, kapulayazi kakang'ono, ndi emvulopu imodzi yolembedwa ndi dzanja la atate. Adiresi inali ya ku Kitwe. Pamwamba pake, pamene panayenera kukhala dzina, panali pong'ambidwa mosamala. Ndinatseka sutikesi mtima ukugunda mokoma. Pofika madzulo ndinali nditawasandutsa anthu atatu: chibwenzi chobisika cha atate, namwino amene anamva mawu omaliza a amayi, ndi munthu wothawa apolisi.

"Kodi ndinu abale a amayi?" ndinawafunsa tikutsuka mbale.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye usadziuze wekha. Nditsirire madzi apa."

Lachitatu m'mawa, atate atapita kusukulu, anandiitanira pamphasa kuseri kwa khitchini.

"Vula duku."

Ndinavula. Anandigwira chibwano, kunditembenuzira uku ndi uku, n'kuona timaudzu timene ndinkatseka nato mabowo a m'makutu kuti asafafanizike.

"Atate ako akudziwa?"

"Ayi. Tinaboolana kuboding'i ndi singano. Iwo amati mkazi wa Chikhristu safuna zolendewera."

"Amatero tsopano?" Anaseka pang'ono. "Ndiye Loweruka uvala udzu? Pita kukhola ukatole nthenga ziwiri, zazing'ono, za madontho ooneka bwino. Tipange ndolo."

Atsikana a ku Chipata ankati masikiyo, koma iwo ankati ndolo, ngati anthu akale. Ndinasankha nthenga ziwiri zokongola kuposa zonse. A Jenny anaziyang'ana, kenako anandiyang'ana. Anandiuza kuti ndizitsuke m'madzi ofunda a sopo, ndizitsukuluze, ndiziyanike pa lichero pamthunzi. Zitauma zinaoneka ngati zakufa, koma anaziika pa nthunzi ya ketulo kamphindi ndipo zinadzuka, kadontho kalikonse n'kubwerera pamalo pake. Ndi lezala tinadula tsinde la nthenga iliyonse, n'kumeta tiubweya ta m'munsi kuti patsale pomanga. Waya unali wamkuwa, wochotsa m'wailesi yakufa. Anandisonyeza kuupinda pa msomali kuti pakhale kamphete, kenako kuukhotetsa pa pensulo kuti pakhale kambedza kolowa m'khutu. Nsonga yake ndinainola pamwala mpaka inasalala.

"Iyese palilime," anatero. "Ikakanda lilime, ikanda khutu."

Chovuta chinali kumanga. Tsinde la nthenga limagona pa waya, mkanda umodzi pamwamba, ndiye ulusi umazungulira mothina, mzere kutsatira mzere, osakwerana. A Jenny sankamanga mfundo kunja. Ankapinda ulusi pawiri ngati kalupu n'kukagoneka pansi, kukulunga pamwamba pake, kulowetsa mapeto m'kalupuko, n'kukoka mpaka mapeto aja atabisala mkati. Ukayang'ana sukanadziwa pamene ulusi unayambira kapena pamene unathera. Pamwamba ankadonthezapo kyuteksi wopaka m'zikhadabo, wosaoneka mtundu. Ine ndinamasula kanayi ndisanakhoze.

Nditamaliza ndinathamangira pagalasi la atate lometera ndevu. Nthenga zonse ziwiri zinapindikira mbali imodzi. Ya kumanja inakumbatira tsaya, ya kumanzere inaloza kuphewa ngati ikufuna kuuluka. Ndinkaoneka ngati munthu woyenda m'chimphepo.

A Jenny anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Munaona kale!" ndinatero. "Bwanji simunandiuze?"

"Ukanaiwala. Tsopano suiwala. Zonse ziwiri ndi za mbali imodzi ya mbalame. Nthenga ya kumanja imapindikira kwake, ya kumanzere kwake. Umafuna imodzi uku, imodzi uku, za nkhanga imodzi, kuti ziziyang'anana. Zotola pansi sizidziwana."

Anavula chitenje chapamwamba, anayenda chowerama m'mbali mwa mpanda, n'kuchiponya. Nkhanga za atate palibe amene ankatha kuzigwira masana, koma iyi inapezeka m'khwapa mwawo ikukalipa. Anazula tinthenga tiwiri pansi pa phiko ili, tiwiri pansi pa linalo, n'kuitaya. Inathawa ikutukwana mudzi wonse.

Tinayambiranso. Dzuwa litapendeka tinamva njinga yamoto ikuima pamsewu, kenako mawu a Lyford.

"Tamiwe!"

A Jenny anatembenuka ine ndisanatembenuke. Waya unawabaya chala, anachiika m'kamwa. Ndinaona, koma maganizo anga anali kale pamsewu.

Lyford sanatsike panjinga. Anali ndi fumbi mpaka m'nsidze.

"Amalume akuti tambala wayamba kuonda n'kudikira. Atate ako apeza munthu?"

"Akuti tiona."

"Tiona, tiona. Kodi ndi dzina la malume wako ameneyo?" Anasuzumira kuseri kwanga. "Nanga awo a nsapato za ku Lusaka?"

"Alendo. Sindikuwadziwa."

"Akugona m'chipinda chako, sukuwadziwa?"

"Ndiwadziwa pofika Loweruka. Ndili ndi zizindikiro zitatu kale."

"Iwe ndi zinsinsi zako. Ine ndikufuna nkhoswe, Tami, osati nthano. A Jonah ukuwadziwa. Akati ayi, ngakhale abusa amabwerera pakhomo."

Atapita ndinapeza a Jenny atasiya ntchito, manja ali pamwendo.

"Jonah wake uti?"

"A Jonah Mbewe. Amalume ake."

"Wamfupi, wa mpata pamano?"

"Mano a kutsogolo anatha, koma ndi afupi ndithu."

Anatola ulusi n'kuyamba kukulunga. Ndinawafunsa amene anawaphunzitsa ntchitoyi, pongofuna kuti ayankhule.

"Ndinadziwa mtsikana wina," anatero, maso ali pa ulusi. "Kalekale, iwe usanabadwe. Anali ndi manja abwino ndi mutu woipa. Anamufunsira mnyamata wa kumishoni, wofatsa, wovala tayi ngakhale Loweruka. Mtsikanayo anavomera chifukwa aliyense anati avomere. Tsiku la chinkhoswe anadzipangira ndolo. Wavala imodzi, ali pafupi kuvala inayo, anamva lole ikuliza hutala kumsewu wa ku Mwami. Woyendetsayo anali atamuuza kuti aliza kawiri basi. Anatulukira pazenera."

"Ndiye?"

"Ndiye basi. Anthu anali atakhala kale pamphasa, nkhuku zili m'manja. Anabalalika. Patapita chaka makolo anapereka mkulu wake wa mtsikanayo kwa mnyamata uja, kuti manyazi achoke pakhomo."

"Koma anamukonda woyendetsa loleyo?"

"Anakonda hutala. Bwera kuno ndikuyese."

Ndinagwada patsogolo pawo. Zala zawo zinali zozizira. Polowetsa waya m'khutu ndinanjenjemera.

"Khalani phee, adzina."

"Mwati chiyani?"

"Ndati adona. Si mukukwatiwa Loweruka?"

Ulendo uno nthenga zinayang'anana, iliyonse itakumbatira tsaya lake. Ndinazivula atate asanafike n'kuzibisa m'chitini cha tiyi.

Lachinayi ndinadzuka ndi chikumbukiro. Ndili mwana, ndikufunafuna masiwiti m'bokosi lachitsulo la atate, ndinapeza buku lakale la nyimbo, losiyana ndi limene ankapita nalo kutchalitchi. Pakati pake panali kanthu kaphwatalala kamene ndinkayesa chosungira tsamba. Atate anandipeza nalo, ndipo ndi tsiku lokhalo limene anandimenyapo. Tsono Lachinayi limenelo, belu la kusukulu litalira, ndinatenga kiyi m'thumba la jekete lawo la Sabata. Bukulo linali pomwepo, pansi pa masatifiketi. Linatseguka lokha. Nthenga ya nkhanga, yofwifwa, yopanikizika mpaka kusalala ngati pepala, waya wake utada. Ndinaizunguza pa kuwala kufunafuna mfundo. Panalibe.

Ndinadikira mpaka Lachisanu, chifukwa m'timabuku tanga munthu saulula zimene wapeza tsiku lomwelo. A Jenny anali pamphasa, akupanga ndolo zina ndi nthenga ziwiri zotsala zija. Ndinaika yakaleyo pa lichero pakati pa mikanda, n'kukhala pansi ngati sindikudziwa kanthu.

Dzanja lawo linapita kukatola mkanda, n'kuima m'malere. Ndinkayembekezera misozi, kapena kukomoka. Anaitola, anaitembenuza, anakanda ulusi ndi chikhadabo.

"Ulusi uwu unali wofiira," anatero.

"Inzake ili kuti?"

"Inagwa pa lole tisanafike n'ku Katete komwe. Mwini lole nayenso anagwa, anandisiya ku Kapiri patatha miyezi isanu." Anaiika pa nthunzi ya ketulo monga anachitira ndi zanga. Inayesa kudzuka, koma mbali imodzi inakana. "Ya kumanzere. Ndinaisiya pazenera. Sindinkadziwa kuti anaitola."

"Ndiye kuti ndinu amayi anga aang'ono."

"Ndine munthu amene anachititsa kuti amayi ako akwatiwe ndi mwamuna amene sanawafunsire. Maliro awo ndinamva patapita zaka ziwiri, kwa mayi wina wogulitsa nyemba pamsika. Usandipatse maudindo."

"Koma mwabwera. Atate anakulemberani, mwabwera. Mawa muima, basi nkhani yatha!"

Anandiyang'ana monga mmene anayang'anira nthenga zanga zoyamba zija.

"Ukudziwa amene ananyamula tambala wa atate ako tsiku lija? Jonah. Anali mnzawo wa ponda apa nane mpondepo. Anayenda naye tambalayo kuchokera kumishoni mpaka ku Mwami, n'kubwerera naye. Atate ako m'kalata sanandiuze kuti mnyamata wako ndi mphwake wa Jonah. Mwina anaopa kuti sindibwera. Akandizindikira mawa adzati, mtundu uwu ndi wothawira pazenera, mwana wathu asalowemo. Ndikakhala chete, ulibe nkhoswe. Ndikayankhula, mwina ulibe mwamuna. Sankha wekha chimene chili chabwino, poti umakonda nkhani."

Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo chinsinsi chinasiya kukoma.

"Mawa m'mawa kumadutsa minibasi ya ku Chipata," anapitiriza. "Ndikakwera, atate ako adzati mlendo anali wodutsa. Jonah adzakwiya pang'ono, mwina chaka chamawa adzafewa."

"Chaka chamawa Lyford adzakhala ku Solwezi."

"Ee."

"Khalani."

"Tiona," anatero, ndipo ndinadabwa kumva mawu a atate m'kamwa mwawo.

"Nanga dzina lanu lenileni ndani? Jenny si lanu."

"Jenny ndi langa, ndinadzipatsa ndekha. Linalo ndinalisiya kuno. Lili ndi mwini wake tsopano."

Ine wotola timawu, amenewa ndinawadutsa. Ndinkaganiza za minibasi. Madzulo amenewo, iwo akusamba, ndinatenga nsapato zawo zazitali n'kuzikwirira m'thumba la chimanga.

Loweruka kunacha kwa mphepo. Minibasi inadutsa ikuliza hutala, kawiri. Ine ndinali kukhitchini, mpeni uli m'manja, ndikumvetsera chitseko. Phokoso lake litazimirira a Jenny anatulukira pakhomo la khitchini ali chosavala kuphazi.

"Wandibera nsapato."

"Msewu wathu suzifuna."

"Mwana wopusa. Tsiku lija ndinathawa wopanda nsapato." Anatenga mpeni m'manja mwanga. "Kavale. Anyezi awa ndidula ndine."

Ndinavala diresi la buluu ndi chitenje chatsopano, ndipo duku ndinalimanga chokwera kuti makutu aoneke. Pakhomo ndinakumana ndi atate, ali mu jekete lawo la Sabata. Anayang'ana khutu ili, anayang'ana linalo. Ndinadikira vesi.

"Zakhala bwino," anatero. "Zikuyang'anana."

Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando ya kusukulu, amayi pamphasa. Sanali ambiri: akwawo a Lyford, aphunzitsi anzawo a atate ndi akazi awo, ndi amayi angapo a kumpingo. Lyford anakhala moyang'ana nsapato zake. A Jonah anali kutsogolo, tambala wofiira womangidwa miyendo ali pamwendo pawo. Pemphero litatha anakonza kukhosi.

"Aphunzitsi, ife tabwera monga tinapanganirana. Tambala ndi uyu, wadya chimanga changa milungu itatu. Koma funso langa ndi lomwe lija. Ndimupereka kwa yani? Mwana wathu akadzalakwira mwana wanu ku Solweziko, kapena mwana wanu akadzapsereza ndiwo, ndidzagogoda pakhomo la yani?"

Atate anacheuka. Maso a anthu anali atapita kale kukhonde.

A Jenny ankabwera pang'onopang'ono, atavala patapata wanga, msoti woyera uli m'manja. Ndolo zawo zija anali atavula. Ku khutu la kumanzere kokha kunkalendewera nthenga yakale yofwifwa. Anagwada pamphasa patsogolo pa a Jonah.

"Mudzagogoda kwa ine."

"Inu ndinu yani, mayi?"

"Mng'ono wake wa malemu Rosina. Bere limodzi."

Pamphasa panamveka kunong'ona. Mayi wina wachikulire wa kumpingo anagwira pakamwa. A Jonah anawerama, anatsinzina diso limodzi, anayang'ana nkhope, kenako khutu. Tambala anadzigwedeza pamwendo pawo.

"Boaz," anatero osatembenuka, ndipo aka kanali koyamba kumva munthu akutchula atate dzina lokhalokha. "Kodi ndikuona bwino?"

"Ukuona bwino."

"Heee!" A Jonah anawomba m'manja kamodzi. "Mayi inu, mukudziwa mtunda wa kuchokera kumishoni kukafika ku Mwami, wapansi, tambala ali m'khwapa? Popita anandinyerera malaya. Pobwerera anandijompha. Tinamudya awiri ndi Boaz, popanda wolankhula. Mpaka lero nyama ya tambala imandiwawa."

Ena anaseka, ena anaopa kuseka. Lyford anandiyang'ana ndi maso ofunsa. Ine ndinayang'ana mphasa.

"Ndinalakwa, a Mbewe," anatero a Jenny. "Koma wolakwa ndine. Mwanayu mazenera a nyumba ino akuwadziwa onse, ndipo wakhala pano kuyambira m'mawa."

"Nanga inu, minibasi ija sinakuitaneni? Ndinaimva ikulira kawiri."

"Inandiitana."

A Jonah anakanda chibwano. Anayang'ana ine, nthawi yaitali, ngati munthu wogula mbuzi. Kenako anayang'ana mphwawo.

"Wothawa amene wabwera yekha kudzagwada pamaso pa anthu, ameneyo ndingathe kumugogodera," anatero. "Koma nkhoswe ndi dzina. Sindilandira msoti kwa munthu wopanda dzina. Tchulani, anthu amve, tipatsane nkhuku."

"Jenny Phiri."

"Ayi. Limenelo ndi la pa lole. Ine ndikufuna limene ndinaliyendera wapansi."

A Jenny anaweramitsa mutu. Msoti unayamba kupalapata m'manja mwawo. A Jonah anadikira, manja ali pa tambala, osamukweza, osamutsitsa. Mphepo inadutsa pansi pa mango, ndipo ndinamva nthenga zanga zikundikhudza masaya.

Atate anaimirira. Anavula magalasi, anagwira tayi kuti apukute, koma anasiya. Anawapinda n'kuwaika m'thumba.

"Tamiwe," anatero.

"Atate?" ndinavomera, ndikudzuka pamphasa.

Koma sankayang'ana ine.